Ndinkavina, a Zuze Akulongedza Katundu

Inu owerenga, chimwemwe chinandipusitsa, ndipo amene anavutika ndi kupusa kwangako ndi munthu wosalakwa.

Ndimayang'anira makompyuta pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Netiweki ya kufakitale inkangodukaduka. Mawaya ake anayala ndi a Zuze, bambo amene anathawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo ana awo onse anabadwira m'nyumba ya kampani. Bwana atafunsa, ndinawaonetsa lipoti la kompyuta lonena kuti khadi la netiweki lilibe vuto ngakhale limodzi. Ndinanena modzitama kuti makina sanama, olakwa ndi mawaya. A Zuze anapatsidwa mwezi umodzi kuti akonze, apo ayi ntchito yatha. Iwo anangoti, "Achimwene, mawaya anga ndimawadziwa."

Loweruka lina ndinatsegula dalaivala, kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi khadilo, n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere. Abale inu! Khadi linkadandaula ndithu, koma dalaivala ankafufuta madandaulowo asanawawerenge, n'kumalemba ziro. Ndinasintha mizere itatu yokha. Nditayatsanso kompyuta, mavuto onse obisika anakhuthuka ngati mvula ya paphiri la Chambe. Khadi linali lowonongeka! Ndinavina ndekhandekha mu ofesi mpaka mlonda anasuzumira pawindo.

Apa ndiye ndinalakwa. M'malo mothamangira kwa bwana, ndinatumiza zimene ndinakonzazo kwa akatswiri akunja osamala pulogalamuyo. Ndinkafuna ndikaonekere kwa bwana nditavomerezedwa kale, kuti manyazi a mawu anga oyamba aja aphimbike. Mumtima ndinkati mwezi ukadalipo. Akatswiriwo anandibweza kawiri kuti ndikonze zina, ine osatopa, maso pa foni ngakhale m'minibasi ya ku Chonde. A Zuze ndinkawapeza pa makwerero akusintha mawaya abwinobwino, ine n'kuwapatsa moni, n'kudutsa.

Tsiku limene akatswiriwo anavomera ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli. Ine, mwana wa ku Thuchila, dzina langa m'pulogalamu yogwira ntchito dziko lonse lapansi! Ndinalowa kwa bwana osagogoda n'komwe, ndikufotokoza mopuma wefuwefu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandiuza kuti a Zuze anasiya okha ntchito Lachisanu lapitalo, ati sangadikire kuthamangitsidwa ngati wakuba.

Ndinakwera kabaza kupita kunyumba za antchito. Nyumba yawo inali pululu. Aneba anati banja lonse lawolokera ku Mozambiki, dziko limene anawo salidziwa. Khadi tinasintha tsiku lomwelo, ndipo netiweki sinadukenso.

Inu owerenga, mukapeza choonadi choti chipulumutse mnzanu, kanenenitu tsiku lomwelo, ngakhale chikuchititseni manyazi inuyo. Kuyamikiridwa kungathe kudikira, koma munthu amene akuzunzika sadikira. Ine akunja anandithokoza, koma woti ndikamupepese sindikudziwa kumene ali.