Ziro wa pa makina a achimwene Saide

Akuluakulu analengeza kuti pa chipolowe chija cha nthawi ya nkhondo ku Insaca sipanafe munthu ngakhale mmodzi.

Achimwene Saide, lero kompyuta ya kuntchito yandikumbutsa inu. Yakana mawu amene ndinalemba, ikufuna nambala yokha. Makina anu otumizira uthenga analinso otero. Ndinali pambali panu pamene makinawo anafika pofunsa chiwerengero cha akufa pa chipolowecho. Munthu wina wamfuti anaima kumbuyo kwanu nati, "Lemba ziro." Inu munati, "Bwana, mitembo ili pakhomo pomwepa." Anakuphwanyani zala ndi mfutiyo, nadina yekha ziro. Makina analandira, pakuti safunsa kuti wadina ndani. Kenaka wamfuti uja anakuwomberani pakhosi.

Mtembo wanu ndinausambitsa ndine, achimwene.