A Malizani ndi Kafukufuku wa pa Msika wa Dzaleka

A Malizani Kafumbata anabadwira kumapiri a ku Ntchisi, m'mudzi wina kuseri kwa Malomo, ndipo ntchito yawo yoyamba inali yoonetsa kanema. Ankayenda pa galimoto ya alangizi a zaulimi m'midzi ya ku Ntchisi ndi ku Dowa, kupachika nsalu yoyera pamtengo wa mango, n'kumaonetsa anthu kaokeredwe ka fodya ndi kasungidwe ka chimanga. Kanema akamayankhula Chingerezi, iwo ankaima pambali ndi chimkuzamawu n'kumamasulira. Kumeneko n'kumene anayamba kuchita chidwi ndi kayendedwe ka uthenga. Zimene anena pabwalo lero, pofika mudzi wachitatu zinkakhala zitamera nthambi zina.

Sukulu anaipitiriza atakula kale, poyamba mwa makalata, kenako ku yunivesite, ana awo ali kale kupulayimale. Ndale za zipani zambiri zitafika, nyuzipepala zinangoti mbwee m'misewu ya ku Lilongwe, ndipo achinyamata ambiri anayamba kulakalaka utolankhani. Koleji ina yaing'ono ya mpingo, kufupi ndi Madisi, inatsegula maphunziro a zofalitsa uthenga n'kuwaitana. Anawapatsa ntchito imene aphunzitsi anzawo ankaizemba: kukonzekeretsa ophunzira a chaka chomaliza kuchita kafukufuku ndi kumulemba m'buku, lomwe munthu sangalandire digiri asanalimalize.

Kalasi yawo yoyamba inali ya anthu ochepa koma a mtima wotentha. Aliyense ankafuna kulemba za dziko lonse, poti pakamwa panali patangotseguka kumene. Mnyamata wina dzina lake Nedson anaimirira n'kunena kuti mutu wake ukhala demokalase ndi atolankhani mu Africa.

"Africa yonse, a Nedson?" anafunsa a Malizani, amene ophunzira awo onse ankawapatsa ulemu ngati akuluakulu. "Mukafunsa ndani? Nanga njinga yanu ija ikafika kuti?"

Anzake anaseka, iye n'kukhala pansi atakwiya pang'ono.

"Musakhumudwe," anatero a Malizani. "Mutu wa kafukufuku uli ngati munda. Musatenge woti simungathe kuupalira nokha."

Pabolodi analemba mafunso amene aliyense anayenera kuyankha asanalembe china chilichonse: ukufuna kudziwa chiyani, ukafunsa ndani, ukafikako bwanji. Anavutana nawo masabata angapo. Nedson anatsika pang'onopang'ono kuchoka ku Africa mpaka anaima pa amuna amene ankasonkhana pakhonde la golosale ku Madisi kumvera zokambirana za aphungu pa wailesi. Ataona kuti anthu amenewo angathe kukacheza nawo mawa lomwe, mkwiyo wake unatha.

M'kalasimo munalinso mtsikana wofatsa, Rute Chimphepo, wa kufupi ndi boma la Dowa. Mayi ake ankagulitsa tomato ndi masamba pa msika wa ku Dzaleka, kumene kunali kutangoyamba kukhala anthu othawa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Zaire. Rute ankati akapita kukawathandiza, ankawapeza akuseka ndi mayi wa ku Rwanda, chonsecho wina sadziwa chiyankhulo cha mnzake.

"Ndikufuna kudziwa kuti amamvana bwanji, aphunzitsi," anatero. "Amayamba ndi mawu ati? Amawaphunzitsa ndani?"

Unali mutu wabwino kuposa yonse imene anamva chaka chimenecho, ndipo a Malizani anadziwa. Koma anayang'ana pansi n'kunena kuti afunefune wina. Anati kumeneko chilolezo n'chovuta, ziyankhulo n'zambiri, nthawi ndi yochepa.

Chifukwa chenicheni sanachitchule. Dzaleka asanakhale msasa wa othawa kwawo anali ndende ya andale, ndipo akulu awo a Gregorio anakhalako zaka zingapo chifukwa cha mawu amene anayankhula pa mowa. Anabwerako ali munthu wina, wosakonda kucheza, ndipo anamwalira asanafotokozepo kanthu. Kuyambira pamenepo a Malizani sankadutsa msewu umenewo. Ngakhale nthawi ya kanema ija ankapempha dalaivala kuti azungulire kwina.

Rute sanatsutse. Anangopita yekha ku ofesi ya msasa, n'kufotokoza, n'kuloledwa. Atamva zimenezi, a Malizani anakadandaulira akazi awo a Hana akusenda mtedza pakhonde.

"Mwanayo akukafunsa za tomato," anatero a Hana osadzutsa mutu. "Mantha ndi anu, bambo. Musamusenzetse."

M'mawa mwake anavomera mutuwo. Anamuthandiza Rute kukonza pepala la mafunso, n'kumubwereka tepi rekoda ya koleji, koma iwo sanapite nawo.

Patapita masabata awiri Rute anabwera ku ofesi yawo maso ali ofiira. Mapepala onse anabwera nawo osalembedwa. Anati amayi akangoona pepala ankasonkhanitsa katundu wawo n'kusuntha, ndipo atatulutsa tepi ija ngakhale mnzawo wa mayi ake uja anasiya kumupatsa moni.

"Munanena zoona, aphunzitsi," anatero. "Ndipatseni mutu wina."

Mantha amene mtsikanayu ankafotokoza a Malizani ankawadziwa bwino, anakula nawo. Anaona kuti cholakwika sichinali mutu, koma njira imene iwo eni anamupatsa ali pa mpando, osaona malowo.

"Mutu usasinthe," anatero. "Tsiku la msika tipitira limodzi."

Anakwera matola m'mawa, kukuzizira monga kumachitira kumapiri a ku Dowa. Atatsika, a Malizani anaima kaye m'mbali mwa msewu. Anaona mitengo ya bulugamu italiitali ndi nyumba zakale za njerwa za ndende ija. Koma pakati pa nyumbazo ana ankathamangitsa mpira wa mapepala, amayi ankayanika zovala, ndipo kwinakwake wailesi inkaimba nyimbo za ku Zaire. Rute anawadikira mpaka anayamba kuyenda.

Pafupi ndi pamene mayi a Rute ankayala tomato panali telala wa ku Burundi, dzina lake Agustino, amene kwawo anali mphunzitsi. Ataona munthu wachikulire ataima padzuwa, anamukokera benchi. Chichewa chake chinali chothyokathyoka koma chomveka. A Malizani anamufunsa chifukwa chake anthu anakana mapepala a wophunzira wawo.

"Bambo, kwathu dzina likalowa pa pepala, usiku anthu amabwera," anatero Agustino. "Ife sitidana ndi mtsikanayu. Tikuopa pepala."

"Ndikumva," anayankha a Malizani. "Kunonso zinaliko. Akulu anga anakhala m'nyumba zimenezi."

Aka kanali koyamba kutchula zimenezi kwa munthu wosakhala wa pabanja pawo. Agustino anasiya kupalasa makina ake osokera n'kuyang'ana nyumbazo, kenako anawayang'ana iwo. Anatuma kuti abweretse tiyi, ndipo anakhala akucheza za ana a sukulu, za a ku Bujumbura, kwawo kwa Agustino, ndi a ku Madisi, mpaka dzuwa linafika pamutu.

Pobwerera, ali pamwamba pa matumba a mbatata m'galimoto, a Malizani ndi Rute anakonza njira yatsopano. Pepala ndi tepi zitsale. Rute azikhala pa tomato ndi mayi ake masiku a msika, azimuuza aliyense poyera kuti ndi mwana wa sukulu ndipo akufufuza chiyani, asatenge dzina la munthu, ndipo azilemba zimene wamva akafika kunyumba. Wosafuna asakakamizidwe.

"Nanga zolephera zija ndizibise?" anafunsa Rute.

"Ayi. Muzilembe m'chaputala chofotokoza njira imene munatsata. Wobwera pambuyo panu asadzagwe m'dzenje lomwelo."

Zinthu zinayamba kuyenda. Agustino ankamuthandiza kumasulira pamene pavuta. Rute anapeza kuti amayi a mbali zonse ankayamba ndi zala ndi kuloza, kenako mayina a ndiwo, kenako moni. Panabadwa kachiyankhulo ka pamsika kosakaniza Chichewa ndi Chiswahili, komwe sikankamveka kwina kulikonse. Ana, amene ankagwira Chichewa msanga posewera, ndiwo ankaitanidwa pakabuka kusamvana. Chimene chinamukhudza kwambiri chinali chakuti mwana wa mayi wina wa ku Rwanda atamwalira, amayi a tomato anapita kukakhala nawo pamaliro, ndipo m'sabata yotsatira mawu akuti pepani ankamveka msika wonse.

Kulemba kunali nkhondo ina. Chaputala choyamba Rute anachidzaza ndi Chingerezi cholemera chotengera m'mabuku, ndipo a Malizani anachibweza chili chofiira ndi inki.

"Mabukuwa muwatchule, inde, koma ine ndikufuna kumva zimene munaona inuyo," anamuuza. "Ziganizo zifupike. Mukanena chinthu, onetsani pamene mwachitenga."

Anabweza kachiwiri, kachitatu. Tsiku lina Rute anatuluka mu ofesi osatsanzika, koma m'mawa anabweranso atakonza. Taipilaita pakolejipo inali imodzi, choncho iye ndi Nedson ankasinthana, wina akutaipa wina akuwerengera mnzake zolakwika.

Pa tsiku loteteza kafukufuku panabwera mphunzitsi wamkulu wochokera ku yunivesite ina. Anamufunsa Rute chifukwa chake buku lake linalibe mapepala a mafunso ngati a anzake. A Malizani anangokhala pakona, poti lamulo silinkawalola kuyankhula. Rute anafotokoza modekha zimene zinachitika, zimene anasintha, ndi zimene njira yakeyo sikanatha kumuuza. Mlendoyo anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati angatenge kope imodzi kukaonetsa ophunzira ake.

Onse a m'kalasi imeneyo anakhoza, ena movutikira. Nedson analembedwa ntchito pa nyuzipepala ina ku Lilongwe. Rute anatengedwa ndi bungwe lina lothandiza othawa kwawo kuti azikonza mauthenga a zaumoyo, ndipo ankati akapita kwawo ku Dowa ankapatukira kwa a Malizani ndi a Hana kudzawaona.

Chaka chotsatira kalasi inakula. A Malizani anasintha kaphunzitsidwe: wophunzira aliyense ankayenera kuyamba wapita kumalo kumene akufuna kufufuza, n'kukhalako tsiku lathunthu akungoona ndi kumvetsera, asanalembe pulani yake. Kumene ankatha ankapita nawo, ku Malomo, ku Mponela, ku Dzaleka komwe. Akuluakulu a koleji anagula taipilaita yachiwiri, n'kuwapempha kuti alembe kabuku kachidule kotsogolera ophunzira pa kafukufuku. Anakayamba mvula yoyamba itagwa, ndipo ankakalemba masana akabwerako kodzala chimanga.