Yaikazi Ndinkaipirikitsira ku Lupsa

Bambo anga anandisiyira lamulo limodzi la m'khola: yogwira ntchito ndiyo idye. Ndinalisunga osafunsa.

Chaka chimene mvula inadula mu Febuluwale ndinali ndi ng'ombe zitatu, ziwiri zapangolo ndi yaikazi imodzi ya bere. Pofika Okutobala osaka mbewa anali atatentha phiri lonse. Ine ndinali nditasunga mapesi, makoko a nandolo ndi thumba la madeya. Zapangolo zinkakoka njerwa kupita ku Thambani, choncho zonsezo zinkadya ndi izo. Yaikazi ndinkaipirikitsira ku lupsa.

"Bambo, ija ikudyera awiri," anatero mkazi wanga.

"Ikukoka chiyani?"

"Ine pa mimba za ana anu ndinkakoka ngolo?"

Ndinapitiriza kupatsa zapangolo madeya. Za m'khola ndinkazidziwa ndine.

Thole linabadwa lalikazi, laling'ono ngati mbuzi. Mvula itabwera ndinalipatsa msipu, madeya, mchere. Silinakule bwino. Matole a anzanga obadwa mwezi womwewo analisiya kutali. Alangizi a ziweto atabwera anayang'ana chiuno chake, nkufunsa zomwe make ankadya ali ndi bere. Ndinati zomwe Mulungu anameretsa. Anati chimene linasowa m'mimba sindingalibwezere ndi thumba.

Make anafa chaka chatha. Thole lija ndilo yaikazi yokha imene ndatsala nayo. Yatenga zaka zinayi kuti igwire bere, ndipo kwatsala miyezi iwiri. Chiuno chikadali chopapatiza. Ndimaima pakhola kuyang'ana mimba, kenako chiuno, kenako mimbanso. Ikalephera kubereka, khola la bambo anga lathera pa ine, chifukwa zapangolo nzofula.

Okutobala wafikanso, phiri lapsanso. Ngolo ndaiimika pansi pa mtengo wa mango. A njerwa abwera kawiri, ndawabweza. M'mawa zapangolo zimapita ku lupsa zikulira, yaikazi imatsala ndi mapesi. Koma alangizi andichenjezanso: ndikaidyetsa mopyola, mwana akula kuposa njira yotulukira. Ndiye madeya ndimayeza ndi manja, sindilola munthu wina.

Dzulo mkazi wanga anandipeza nditagwada pa beseni la madeya a yaikazi.

"Lero ikukoka chiyani, bambo?"

"Khalani chete, mayi, mundisokoneza."

Anaseka nkumapita. Ndinatapamo dzanja limodzi kubwezera m'thumba. Ndinayang'ana nthiti za ng'ombe ija, ndinalithiramonso.