Bonongwe Waminga wa Kuseri kwa Khola

Dzulo alangizi a zaulimi anatigawira kapepala konena kuti bonongwe ndi mmodzi. Ndakasunga m'faelo monga ndimachitira, koma ndi bodza limenelo! Alipo wofewa wamasamba aakulu, ndipo alipo wina wobisa minga iwiri pamene tsamba limatulukira.

Ndili mwana ku Bundabunda, amayi anadwala malungo, sabata yathunthu osadya. Atate anali atapita ku Chongwe ndi khadi lachipani kukaima pamzere wa mchere. M'mawa wina amayi anadzuka n'kunena kuti, "Mwana wanga, nifuna bonongwe chabe."

Ndinathamangira kuseri kwa khola, kumene kunkanunkha ndowe, n'kudzaza lichero ndi waminga. Amayi anayang'ana m'lichero, kenako anayang'ana ine.

"Nanga bwanji waminga?"

"Ndiye wamphamvu, amayi. Azalasa malungo."

"Mwaganiza bwino, adokotala."

Anakhala pakhonde n'kumasadzula tsamba limodzilimodzi, akuyamwa chala mobisa munga ukawabaya. Anaphika, n'kudya wonse.

Ndinakula ndikudzitama kuti ndinawachiritsa ndine. Ndazindikira ndili ndi imvi kuti anadzikakamiza kudya kuti mwana wawo asaone kulakwa kwake.