Mlandu wa Mchira wa Bwana

Ba neba athu ku Kabwata, chiwachotsereni ntchito kukampani ya boma, amalamulira bokosi lagalasi la nsomba. Muli beta yabuluu, nsomba yandewu imene amaitcha Bwana, ndi tinsomba tisanu tamizeremizere. Mawu awo ndi amodzi: "Panyumba bwana sakhala awiri."

Lachiwiri Bwana anapezeka mchira utang'ambika. Ba neba anatenga sefa ya tiyi. "Tizigawenga iti tipita mu ngalande lelo!"

Ine, amene sanandifunsepo ngakhale dzina, ndinaloza galasi lawo lometera limene analitsamiritsa pabokosipo. Bwana anali atafufuma, akulimbana ndi chithunzi chake mpaka kudziluma mchira.

Ba neba anayang'ana m'galasimo nthawi yaitali, kenako anaika sefa pansi.

"Mwaiche, mwana iwe, usamuseke. Nanenso mdala wa m'menemu amandikwiyitsa m'mawa uliwonse."