Ng'ona ya pa dooko lathu

Chaka chimene ndinkasankha zokaphunzira ku yunivesite, amayi anga anali atazolowera kale kutunga madzi okhaokha. Kwathu kwa Mbenje, ng'ona ikagwira munthu, anthu safunsa ngati inali ndi njala. Amafunsa kuti waituma ndani. Itagwira mayi wina woyandikana nafe nyumba, anthu anakumbukira kuti dzulo lake anakangana ndi amayi chifukwa cha mbuzi zathu zimene zinadya mapira ake. Basi, mlandu unathera pomwepo. Pamaliro anthu anawathamangitsa amayi. Akafika pa mjigo, azimayi ankasuntha zidebe zawo.

Ine zinkandipsetsa mtima koopsa, chifukwa dooko limenelo ndinkalidziwa. Asodzi ankatumbulira nsomba pomwepo m'mawa uliwonse, matumbo n'kumaponya m'madzi, ndipo malemuwo ankatsukira mbale pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Ng'onayo ndinkaiona itayandama chapatali ngati chipika, ikuphunzira mayendedwe athu. Koma ndikati ndinene, ankandidula: "Iwe mwana wa mfiti, ungatiuze chiyani?"

Ndiye aphunzitsi a sayansi atandiuza kuti kuli maphunziro a khalidwe la nyama, ofufuza chifukwa chimene nyama imachitira zimene imachita, sindinafunenso kumva za ena. Ndinati amenewo ndi anga.

Amalume, alongo awo a amayi, atamva anapalasa njinga kuchokera ku esiteti ya nzimbe kumene ankagwira ntchito. Anafika thukuta lili chuchuchu, ndipo madzi akumwa anawakana.

"Unamwino ulipo, uphunzitsi ulipo. Iwe ukufuna ng'ona? Mutu wako ukuyenda bwino?"

"Si ng'ona zokha, amalume. Mvuu, njovu, ndi mbalame zomwe."

"Tamumvani! Mudzi wonse ukuti mayi ako amatuma ng'ona, iwe n'kupita kukatengera digiri? Adzati wapita kukakhwima. Ukufuna amuotchere nyumba mlongo wanga?"

Ndinakwiya, koma amalume sankanama. Ine ndikanakwera basi n'kupita, wotsala pamudzi anali amayi. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino, unamwino womwewo.

Nthawi yonseyi amayi ankapeta mapira. Kenaka anaika lichero pansi, anamangitsa chitenje m'chiuno, n'kunyamula chidebe.

"Iwe, tiye."

Sitinalowere ku mjigo. Tinatsikira ku dooko lomwe lija, kumene anali asanapondeko chichitikire ngoziyo. Asodzi ankasoka maukonde, azimayi ankachapa. Atationa, onse anasiya ntchito n'kumatiyang'ana.

"Ndabwera kudzakuuzani ndekha, musavutike n'kunong'ona," amayi anatero mokweza. "Mwana wangayu akupita kukaphunzira za ng'ona. Ee, ng'ona! Akabwera adzakuuzeni chimene chinachitika pano. Ine ndatopa kuyankha mlandu wa nyama."

Mayi wina analavula malovu. Amayi sanamuyang'ane n'komwe. Analowa m'madzi mpaka m'maondo, pamaso pa onse, n'kutunga. Atatuluka m'madzimo, ndinawasenzetsa chidebe.

Maphunzirowo ndinasankha omwewo, ndipo amalume anandikwiyira nthawi yaitali. Sindinawapepese.

Koma chimene chimandidzutsa ndikayamba ulesi ndi mawu amene amayi ananena tikukwera mtunda, chidebe chili pamutu, osacheuka.

"Ukaphunzire zenizeni, wamva? Malemu uja anali mnzanga, ndipo sanandilole ndi kumulira komwe."