Mayi Makatoni ndi Mlamu wa Ahedi

Ana anawapatsa dzina loti Mayi Makatoni chifukwa m'mawa uliwonse ankafika pasukulu atasenza makatoni otola kuseri kwa magolosale. Anali ataphunzitsa masamu kwa ana aang'ono zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anali atatopa ndi kuimbitsa ana manambala ngati nyimbo ya maliro. Makatoniwo ankawadula n'kupanga mawotchi a mivi yozungulira, masikelo oyezera zitsekerero za mabotolo, ndi timabwalo todula pakati kuti mwana aone ndi maso ake kuti theka n'chiyani.

Aphunzitsi anzawo ankaseka. "Amayi, imeneyi ndi kalasi kapena dzala?" Koma ana a m'dzalamo ndi amene ankakhoza.

Tsiku lina kunabwera kalata yoti alangizi a zamaphunziro adzayendera sukulu kuti asankhe mphunzitsi mmodzi wokaphunzira njira zatsopano zophunzitsira. Litatsala tsiku limodzi, ahedi anaima pakhomo la kalasi akumwetulira.

"Amayi, tibwerekeniko zidole zanuzi. Mawa lokha basi."

Zonse zinakakhomedwa m'kalasi ya mlamu wa ahedi, bambo amene ankalemba ntchito pabolodi n'kukakhala panja kuseweretsa foni mpaka belu. Alangizi atafika, mlamuyo anagwira wotchi chozondotsa, khumi ndi ziwiri ili pansi, ana ali kukamwa yasa. Alangiziwo anawomba m'manja, kujambula zithunzi, n'kulemba dzina lake. Ku kalasi ya Mayi Makatoni anangosuzumira pazenera, nthawi ya chakudya inali itakwana.

Patapita masabata awiri mlamu uja anabwerako kumaphunziro kuja ndi satifiketi, chikwama chatsopano komanso kayendedwe kena. Anasonkhanitsa aphunzitsi onse Loweruka, n'kuwawerengera pepala kwa maola atatu lonena kuti mwana asamangokhala n'kumamvetsera. Pachikuto cha pepalalo panali chithunzi cha wotchi ija, pansi pake dzina lake.

"Makamaka inu amayi," anatero akuloza Mayi Makatoni ndi cholembera, "yesetsani kusintha. Dziko lapita patsogolo."

 

Lolemba Mayi Makatoni anakapempha zinthu zawo. Ahedi anati tsopano ndi katundu wa sukulu, ali m'chipinda chosungiramo zinthu, ndipo kiyi anaiwala kunyumba. Kiyiyo anamuiwala nyengo yonse ya mvula.

Tsiku lomwe chitseko chinatsegulidwa, fungo ndi limene linayamba kutuluka. Denga linkadontha. Makatoni anali atafufuma n'kumatana, nkhungu yakuda ili ponseponse, mkodzo wa makoswe ukuboola mphuno. Mayi Makatoni ananyamula wotchi imodzi, inangonyenyeka m'manja ngati matope, mphemvu zikuthamangira m'mikono. Pansi pake panali tiana ta khoswe, tofiira, topanda ubweya, tikunyololoka. Anathawira panja n'kusanza pafupi ndi mpopi.

"Pepanitu amayi," anatero ahedi ataima patali, atatseka mphuno ndi tayi. "Komabe si munazitola kudzala? Mukatolanso zina."

Mayi Makatoni anasamba m'manja katatu, koma fungolo ankalimvabe mpaka Lachisanu. Kuyambira pamenepo anasiya kudyera m'chipinda cha aphunzitsi, momwe satifiketi ija inapachikidwa m'galasi.

Kuphunzitsa sanasiye. Anangosintha kachitidwe: mwana aliyense amadula yekha kawotchi kake, kulembapo dzina lake, n'kupita nako kwawo m'chikwama. Pakhoma sipankatsala kanthu koti munthu abwereke.

Chaka chotsatira alangizi anabweranso, ulendo uno analowa m'kalasi ya Mayi Makatoni. Anayang'ana makoma opanda kanthu, sanafunse mwana ngakhale mmodzi, n'kulemba kuti mphunzitsiyu alibe zipangizo zophunzitsira ndipo azikaonera kwa mnzake amene anapita kumaphunziro. Anawapatsa pepalalo kuti asaine. Mayi Makatoni anawerenga mpaka kumapeto, anasaina, n'kupukuta dzanja padiresi.